Wogwira tcheni pa mlandu wa a Kochi Marlon

Moni nonse abale ndi alongo a m'gulu lino, amene muli kuno ku Mangalande ndi amene muli kumudzi. Ambiri simundidziwa, chifukwa ndimangowerenga maumboni anu koma sindinalembepo. Dzina langa ndine Lonjezo. Ndimakhala ku Barking ndipo ndimagwira ntchito panyumba yosamalirako okalamba. Yesero langa linali kusungulumwa, komanso cholakwa chimene ndinachita osatsegula n'komwe pakamwa, chomwe chinatsala pang'ono kuchotsetsa udindo munthu mmodzi yekhayo amene ankandiwerengera mumzinda uno.

Makolo anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi, amene ankagulitsa kaunjika mumsika wa ku Limbe. Anali munthu waukali, wosachulutsa mawu. Ntchito yanga inali kukhala pambali pa mulu wa zovala n'kumayang'anira akuba. Ankandiuza kuti ndiziyang'ana manja a munthu, chifukwa nkhope imanama. Anandipatsanso malamulo awiri: wamkulu satsutsidwa pamaso, ndipo zimene wamva pabenchi ya mnzako usapite nazo kwina. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kuti kukhala chete n'kumene kumamusunga pakhomo, ndipo ine ndinaphunzira bwino kwambiri.

Nditabwera kuno, agogo ndi amene ankandiimbira foni Lamulungu lililonse. Anamwalira m'chaka changa chachitatu, ndipo maliro awo ndinawaonera pafoni nditakhala pabedi. Kuyambira pamenepo Lamulungu linasanduka tsiku lalitali. Kutchalitchi anthu ankandipatsa moni wabwino, koma tikangotuluka aliyense ankathamangira basi yake. Kuntchito dzina langa linawavuta ndipo ankangonditchula kuti Jo.

Nthawi ina ndinapeza ganyu yolondolera anthu m'mipando kubwalo la ku Wembley, tsiku limene matimu a ku America anabwera kudzasewera mpira wawo wa zisoti uja. Malamulo ake sindinawamve, ndipo mpira wake wooneka ngati papaya ndinkautaya m'maso nthawi ndi nthawi. Koma amuna akuluakulu amene amakankhana kutsogolo aja anandikopa. Ndinaona kuti wopambana sanali wonenepa kuposa mnzake, anali amene wayamba kuika manja pachifuwa cha mnzakeyo. Patapita masabata angapo ndinaona chikalata pawindo la golosale, chonena kuti timu yaing'ono ya masewero omwewo kufupi ndi kwathu ikufuna anthu othandiza mongodzipereka. Ndinapita chifukwa ndinalibe kwina kopita.

Kumeneko ndinakumana ndi a Marlon, mphunzitsi wamkulu wa timuyo, amene aliyense amangowatchula kuti a Kochi. Ndi dalaivala wa basi, bambo wa thupi lalikulu ndi bondo lovuta, ndipo makolo awo anachokera ku Jamaica. Anayang'ana kuonda kwanga n'kuseka. Anati chisoti sangandiveke chifukwa angandithyole, kenako anandifunsa ngati ndingathe kuima chete maola atatu. Ndinati imeneyo ndiye ntchito imene ndinabadwira. Anandipatsa tcheni.

Pamasewerowa timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mpira mayadi khumi. Ikakwanitsa imapatsidwanso mwayi wina kanayi, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Mayadi khumiwo amayezedwa ndi tcheni chomangidwa pa ndodo ziwiri, ndipo ine ndinkagwira ndodo imodzi m'mbali mwa bwalo. Timu ikasuntha, nafenso timasuntha. Ogwira tchenife timaima mbali ya alendo, pafupi ndi benchi yawo. Sitiloledwa kuchemerera kapena kupititsa mawu kwa anzathu masewero ali mkati.

A Kochi anayeserera dzina langa mpaka analitchula bwino. Lamulungu lililonse, ndikangobwerako kumapemphero a m'mawa, ankafika pakhomo ndi galimoto yawo yonunkha thukuta la zisoti n'kuliza hutala kawiri. M'njira ankalankhula okha, za mabasi, za bondo lawo, za mwana wawo wamkazi, ndipo sanadandaulepo kuti sindiyankha.

Chaka chimenecho timu inali yongoyamba kumangidwanso. Osewera akale ambiri anali atatsatira mphunzitsi wakale kutimu ina, ena anali atapuma. A Kochi anatsala ndi anthu atsopano: operekera zakudya panjinga, ophunzira a kuyunivesite, wometa tsitsi mmodzi, anthu oti chisoti anali asanachivalepo. Ena ankawauza kuti akanyengerere akale aja abwerere, koma anakana. Ankatha maola akuphunzitsa kaimidwe ka mapazi ndi kaikidwe ka manja basi. Ndipo tinkagonja. Kuyambira mu Epulo mpaka mu Ogasiti tinapambana kamodzi kokha, nakonso chifukwa anzathuwo anabwera osakwana. Pagulu lathu la pafoni anthu anayamba kulemba kuti munthuyu ndi wabwino koma timu yamukulira.

Titatha masewero omaliza, ndikukulunga tcheni, anandipeza a Terry, wapampando wa komiti. Ndi bambo wa imvi amene anayambitsa nawo timuyi kalekale. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, “Lonjezo, iwe umaona zonse. Munthuyu zamukanika, si choncho?”

Ndinayang'ana pansi n'kugwedeza mutu. Kwathu, wamkulu akakugwira paphewa n'kulankhula, umatero posonyeza kuti wamva. Mumtima mwanga sindinavomereze ngakhale pang'ono. Madzulo omwewo a Terry analemba pagulu kuti pakatha masabata atatu mamembala onse adzavota ngati a Kochi apitirize kapena ayi. Anawonjezera kuti ngakhale Lonjezo, mnzawo weniweni wa a Kochi amene amaona sewero lililonse ali pafupi, wavomereza kuti zakanika.

A Kochi sanalembe kanthu. Lamulungu lotsatira kunali zokonzekera monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinavala jekete yanga n'kuima pawindo. Ndinaima mpaka dzuwa linapendeka, hutala osalira.

Abale anga, masabata amenewo sindidzawaiwala. Ndinalemba uthenga kwa a Kochi kambirimbiri n'kumaufufuta. Ndikananena kuti a Terry anama, pamene mutu ndinagwedezadi? Ndikanawatsutsa bwanji bambo wa imvi pamaso pa gulu lonse? Ndinkapita kuntchito, kudyetsa okalamba, kuwasambitsa, n'kubwerera m'kachipinda kanga. Panapita masiku anayi osalankhula ndi munthu wina aliyense kupatula okalamba amene ndimawasamalira, omwe ena mwa iwo sakumbukira n'komwe kuti ndine ndani. Ndinayamba kuganiza kuti ndi mmene ndinalengedwera, kuti aliyense amene wanditola amachotsedwa, ndipo ulendo uno womuchotsa ndinali ine ndemwe. Ndinaganiza zotuluka pagulu lija mwakachetechete, tcheni n'kuchisiya pakhomo la kalabu.

Lachitatu la sabata yomaliza, pa nthawi yopuma masana, ndinalowa m'chipinda chochapira zovala kuntchito n'kugwada pakati pa makina. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinati, Ambuye, mukundidziwa kuti ine sindiyamba kulankhula. Nditumizireni munthu mmodzi woti andifunse bwinobwino. Akandifunsa ndiyankha.

Lachisanu m'mawa ndikudikira sitima pa Barking ndinaona Anti Bwalya. Ndi nesi wa ku Zambia amene amagwira ntchito kuchipatala cha mbali ya ku Lewisham, ndipo Lamulungu ndi amene amamanga mabala a osewera athu. Ndinayesa kubisala kuseri kwa chipilala, koma anali atandiona kale.

“Iwe Lonjezo, uthaba ndani? Bwela kuno! Nifuna nimvele kuli iwe. Zoona unakamba ati Marlon achoke?”

“Sindinanene, anti. Ndinangogwedeza mutu.”

“Kugwedeza mutu kuli muzungu! Mwana wanga, kuno mutu ni siginecha. Kamwa unaisiya ku Chileka? Manje niuze, iwe wamene uganiza bwanji?”

Limenelo linali funso lenileni limene ndinapempha. Ndinayamba kulankhula, ndipo sindinasiye mpaka sitima ziwiri zinadutsa. Anti anangoyang'ana wotchi yawo n'kukhala pabenchi. Nditamaliza anati zomwezo ndikazinene Lamulungu pamsonkhano. Ndinawauza za lamulo la agogo, lakuti zomva pabenchi ya mnzako sizipita kwina. Anti anati masewero a chaka chino atha, ndipo sindikugulitsa chinsinsi cha munthu, ndikungofikitsa ulemu kwa mwiniwake.

Lamulungu masana tinasonkhana m'chipinda cha kalabu, pamipando yapulasitiki. A Kochi anakhala kumbuyo atapinda manja, ndipo sanandiyang'ane. Anthu analankhula mmodzimmodzi, ambiri akutchula zigoli, ndipo sananame. A Terry atati tsopano tikweze manja, Anti Bwalya anakweza mawu kuti Lonjezo ali ndi choti anene, n'kunditsina pamkono mpaka ndinaimirira.

Ndinayamba ndi kupepesa kwa a Terry. Ndinati iwo sanalakwe, wolakwa ndine, chifukwa kwathu mwana satsutsa wamkulu pamaso, ndipo mutu wanga unanena zimene mtima wanga sunanene. Kenako ndinati zigoli ndaziona ngati mmene aliyense waonera, ndi zoipa. Koma mu Epulo, timu yathu ikatenga mpira, ine ndinkaima malo amodzi mpaka kuzizira kumalowa m'mapazi, chifukwa tcheni sichinkasuntha. Mu Ogasiti ndinkathamanga nacho mpaka madzi anga ankatha masewero asanafike pakati. Ndinati alendo oyamba amene tinasewera nawo mu Epulo ankadya maswiti pabenchi akuseka, ndipo osewera awo odalirika anawavula zisoti theka loyamba lisanathe. Alendo omaliza, amene anali pamwamba pa ligi, sanapumitse aliyense. Mphunzitsi wawo anaponya chipewa pansi pafupi ndi phazi langa n'kufunsa womuthandiza wake kuti ndani waphunzitsa anthu atsopanowa kuika manja chonchi, chifukwa chaka chamawa adzawasowetsa mtendere. Ndinamaliza ndi kunena kuti amene mumaima mbali yathu simukanamva zimenezi, ndinazimva ndine, ndipo ndinazisunga nthawi yaitali kuposa mmene ndinayenera.

Ndinakhala pansi. Kenako wometa tsitsi uja anati, “Anthu inu, ine ndimayesa mkuluyu salankhula Chingerezi!” Anthu anaseka. A Terry nkhope inali itafiira.

“Nanga bwanji sunanene tsiku lomwe lija?” anandifunsa.

“Munali mutandigwira paphewa, bwana.”

Anaseka nawonso, ngakhale mosafuna. Titavota, a Terry sanasinthe maganizo, ndipo ndimawalemekeza chifukwa sanabise. Koma manja ofuna kuti a Kochi apatsidwe chaka china anaposa enawo pang'ono, ndipo ambiri mwa manjawo anali a osewera atsopano aja.

Ndinatuluka msanga kuti ndikakwere basi. A Kochi anandipeza pageti akutsimphina. Anati, “Masabata atatu, Lonjezo. Wandisiya padzuwa masabata atatu.” Ndinapepesa, maso ali pansi. Kenako anandiuza kuti Lamulungu loyamba lija anafika mpaka pakona ya msewu wathu, anaima, n'kubwerera chifukwa cha manyazi. Anati nawonso akanatha kungondifunsa. Atatero anatsegula chitseko cha galimoto n'kundiuza kuti ndichotse zisoti pampando ndikhale.

Sindikuuzani kuti tinatenga chikho, chifukwa sitinatenge. Chaka chotsatira tinagonja kambiri kuposa mmene tinapambanira, ndipo pagulu la pafoni alipo amene akung'ung'udzabe. Koma tinapambana masewero enieni, anzathu atakwana, ndipo a Kochi akadali pamalo pawo. A Terry akafuna maganizo anga masiku ano amaika manja m'thumba n'kundiuza kuti ndiyankhe ndi pakamwa. Anti Bwalya amandiitana kwawo kukadya ndi ana awo, ndipo amandikakamiza kutsogolera pemphero la chakudya kuti pakamwa pasachitenso dzimbiri.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wogwada pakati pa makina ochapira, ndipo sanachedwe. Ndikuthokozanso chifukwa cha agogo anga. Maso amene anandiphunzitsa mumsika wa ku Limbe ndi amene anaona zimene ena sanaone, ngakhale kuti lamulo lawo lokhala chete ndinayenera kuphunzira polekezera pake.

Inu amene muli nokha m'kachipinda m'dziko lino, musatope kupemphera, ndipo mupemphe chinthu chenichenicho chimene mukusowa, ngakhale chioneke chochepa. Inu amene muli ndi munthu wachete pafupi, kutchalitchi kapena kuntchito, musamuyankhire. Mufunseni, ndipo mudikire ngakhale sitima ikusiyeni. Ndipo ngati mwapatsidwa mphamvu yoweruza munthu amene akumanga chinthu kuyambira pansi, mufunsenso amene amaima mbali inayo ya bwalo musanakweze dzanja.

Ambuye akusungeni nonse. Ndalemba izi Lamulungu, jekete ndavala kale, ndipo hutala yangolira kawiri panja.