Utawaleza wa a Siliva

A Siliva, amene anapeza dzinali chifukwa chosonkhanitsa ndalama zachitsulo zakalekale, analowa m'kachipinda ka mlamu wawo kojambuliramo zithunzi za pasipoti atagwira kabokosi kapulasitiki ndi manja awiri. M'kabokosimo munali ndalama ya siliva imene ukalamba unaipatsa mitundu ngati utawaleza, ndipo wogula wakunja anali atanenetsa kuti akapanda kuona mitunduyo pa chithunzi tsiku lomwelo, agula ya munthu wina.

"Alamu, mundijambulire iyi. Ikupita kunja," anatero a Siliva.

Wojambula anasuzumira m'kabokosimo. "Akuluwa ayang'ane kuno."

"Akulu ake ati?"

"Andevuwa. Ayang'ana kumbali. Makutu onse awiri ayenera kuoneka."

"Imeneyo ndi mfumu. Anaisindikiza choncho agogo anu asanabadwe."

"Chisotinso avule."

"Alamu, jambulani ndalama."

"Mwati ikupita kunja. Ine opita kunja ndimawajambula tsiku ndi tsiku, zimene amabwezera anthu ndikuzidziwa. Chabwino, itulutseni m'kabokosi. Pulasitiki imabweza kuwala."

"Situluka. Chala chikangoikhudza, chidindo chake sichifufutika. Ngakhale mpweya wanu sindikuufuna pamenepa."

Wojambula anatembenukira kukhoma ndi kulankhula ali chiyang'anire khomalo. "Ikani pa mpando apo, kutsogolo kwa nsalu yoyerayo."

"Mukulankhula ndi ndani?"

"Ndi inu. Mpweya ndaulozetsa kwina."

Anatseka pakamwa, natembenuka, naloza kamera. "Musaphethire," ananong'ona mwachizolowezi. Nyale inathwanima, ndipo onse awiri anaweramira kompyuta.

"Uwu ndi mwezi," anatero a Siliva.

"Ndi ndalama yanu."

"Mfumu ili kuti?"

"Ili mkati mwa kuwalako. Ndinanena za pulasitiki."

Anajambulanso nyale itazima. Mfumu inaoneka, koma yotuwa ngati chivindikiro cha poto.

"Mitundu yanga yapita kuti?"

"Mitunduyo imabwera mukaipendeketsa. Ndinaona muja munali mutaigwira. Ikani kapepala pansi mbali imodzi, itsamire pang'ono."

"Ndalama yaulemu imajambulidwa itagona bwinobwino. Wogula akaona yopendekeka aziti ndikubisa chilema."

"Ndiye ndibweretse nyale ija cham'mbali."

"Mufuna kuiwotcha?"

"Tipite nayo pa zenera."

"Fumbi."

Wojambula anakanda m'mutu. "Ndalama isasunthe, nyale isasunthe, zenera lisatseguke. Ndisunthe ndine?"

"Chikamera chanuchi ndicho chakalamba. Chazolowera nkhope za anthu okwiya. Ikonzeni pa kompyutapo, monga mumachitira ndi makasitomala anu."

"Monga ndimachitira ndi makasitomala?"

"Ndalankhula Chichewa."

A Siliva anakhala pa benchi atafungatira kabokosi kawo. Wojambula anagwira ntchito mwakachetechete, lilime lili panja pang'ono. Kenaka anatembenuza kompyuta.

"Basi, achira. Mawanga onse ndachotsa. Ka pa tsaya kaja kanandivuta. Makwinya a pamphumi ndasalaza, ndevu ndadulira."

A Siliva anaimirira pang'onopang'ono. "Mwachotsa mawanga."

"Anthu amathokoza. Mayi wina anachita kulira."

"Alamu, mawangawo ndiwo akugulidwa. Si litsiro limenelo. Anadzipanga okha, ndalama ili phee m'kabati, mibadwo ikubadwa ndi kufa. Pali akuba ena amanamiza anthu ndi mitundu yochita kupanga. Mmodzi wa iwo ndinamutulutsa m'gulu lathu la osonkhanitsa ndalama zakale ndi dzanja ili. Pa nkhani ya ndalama zakale, munthu chimene ali nacho ndi chilungamo basi. Bwezerani mitundu yanga."

"Pa chithunzi panalibe mitundu."

"Ikani imene ndimaiona ineyo."

"Maso ndi anu. Muzitchula, ine ndiziika."

A Siliva anakokera mpando pafupi. "M'mphepetemo muli buluu."

"Chonchi?"

"Onjezerani. Mukuumira ngati mukugula nokha. Eya. Kenaka wofiirira, kuzungulira chisoti. Kukhosiko kuli ngati golide."

Wojambula anasuzumira m'kabokosi. "Golide sindikumuona."

"M'mawa amakhalapo."

"Wobiriwira?"

A Siliva anazengereza. "Mvula ikagwa amaoneka. Ikani."

"Pinki watsala."

"Musamusiye yekha."

Pomaliza, mfumu inali itazunguliridwa ndi mitundu ngati keke ya pa ukwati. A Siliva anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Imeneyi ndiye ndalama yanga," anatero. "Anthu samandikhulupirira ndikamawauza. Tumizani ku foni yanga."

"Alamu, mwalamulo la ntchito yanga ndiyenera kukuuzani kuti chithunzi chizifanana ndi mwini wake."

"Mlongo wanga anakwatiwa ndi chikwangwani cha malamulo. Tumizani."

Chithunzi chinapita kwa wogula. Wojambula asanabwezere kamera m'thumba mwake, foni ya a Siliva inanjenjemera. Anawerenga akumwetulira mpaka mano a kumbuyo.

"Akuti chibadwire sanaonepo yotere. Akuti ya munthu wina uja aisiya." Anatsitsa chala pa foni. Kumwetulira kuja kunayamba kuphwa. "Akuti mnzake ali m'tauni muno. Abwera mawa m'mawa ndi galasi lokulitsira zinthu, adzayerekeze ndi chithunzi asanaitenge."

"M'mawa ndi bwino," anatero wojambula. "Golide adzakhalapo. Koma wobiriwira ndakayika, kumwamba kulibe mtambo."

A Siliva anayang'ana kompyuta, nayang'ana m'kabokosi. Anakapendeketsa kumanja, kumanzere, mpaka anapita nako pa zenera ndi kulitsegula okha. Buluu analipo ndithu, kamzere kochepa ngati ulusi. Wofiirira anali kuoneka munthu akamufunira zabwino.

"Ndiwauze kuti kompyuta inalakwitsa?" anafunsa a Siliva.

"Kompyuta sinalakwitse. Mumatchula ndinu."

A Siliva anatseka zenera, natsekanso chitseko, nasuzumira kuseri kwa nsalu yoyera ngati kuli munthu. Kenaka anayandikira mlamu wawo ndi kutsitsa mawu.

"Alamu, kukonza chithunzi kuti chifanane ndi mwini wake mumadziwa. Nanga kukonza mwini wake kuti afanane ndi chithunzi, mumayambira pati?"