Rauta M'bokosi Lachitsulo

Mkulu ameneyu anakhala mlonda zaka makumi atatu osabetsa ngakhale tsache, choncho pa nkhani za chitetezo sauzidwa ndi munthu. M'mawa umenewo anali pabalaza ndi mkamwini wake wamkulu, munthu womvera mpaka kutopetsa, akudikira foni ya vidiyo ya teni koloko. Mwana wa mkuluyo wotsiriza anali atachira kuchipatala chakutali, ndipo anamwino analola mphindi khumi zokha zoonetsa khandalo. Netiweki ya foni kuderako ndi yongotumizira mameseji, ndiye chiyembekezo chonse chinali pa wayifayi. Wayifayiyo inali zii.

"Akamwini, timizere ta wayifayi tija sitikuoneka pafoni yangayi," anatero apongoziwo.

"Ndaona, bambo. Ndatenga kapepala ka malangizo. Gawo loyamba likuti tione ngati timagetsi ta pa rauta tikuyaka."

"Tikuyaka."

"Mwationa?"

"Sindikufunika kutiona. Ndikudziwa kuti tikuyaka."

Mkamwini anayang'ana pashelefu pomwe rauta, kabokosi kobweretsa wayifayi m'nyumba, imakhala. Panali fumbi lokha.

"Nanga rautayo ili kuti, bambo?"

"Ili pabwino."

Apongozi analoza ndi chibwano kunsi kwa tebulo. Kumeneko kunali bokosi lachitsulo losungiramo mayunifomu akale, loko wake ngati chibakera, mawaya awiri akutulukira pakabowo kumbuyo.

"Munanena nokha dzana kuti intaneti ikuchedwa, mwina ena akutibera," anapitiriza monyadira. "Neba uyu amakhala pakhonde tsiku lonse, maso pafoni, kumangoseka. Amaseka ndi intaneti ya ndani?"

"Ine ndimanena zosintha pasiwedi, bambo."

"Nayonso ndasintha, monga munandionetsera. Zilembo makumi awiri, zazikulu ndi zazing'ono, manambala pakati."

"Mwachita bwino. Ndiuzeni ndilembe pafonipa."

"Chinsinsi sachinyamula m'mutu, munthu ungabwebwete nacho kutulo. Ndalemba pakapepala, ndamata kunsi kwa rauta."

"Rauta imene ili m'bokosi."

"Eya. Pabwino."

Mkamwini anagwedeza mutu mwaulemu n'kubwerera ku malangizo ake. Munthu ameneyu ngakhale nyumba itamapsa, sangalumphe gawo.

"Gawo lachiwiri likuti rauta ikhale pamwamba, poonekera, kutali ndi zitsulo."

"Poonekera? Amene analemba kapepalako sanabedwepo."

"Akuti chitsulo chimatsekereza mafunde."

"Ndiye n'zimene ndikufunazo. Asatuluke."

"Komatu sakufika ngakhale kwa ife."

"Ife ndi eni ake. Ayenera kutizindikira."

"Gawo lachitatu likuti tizimitse, tidikire masekondi makumi atatu, kenako tiyatse."

Mkamwini anazimitsa pakhoma n'kuyamba kuwerenga mokweza, manja kumbuyo. Atafika pa khumi ndi zisanu, apongozi anayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi makumi awiri.

"Yatsani, zakwana."

"Akuti makumi atatu, bambo. Mwandisokoneza, ndiyambirenso."

Anayambiradi. Atayatsa, foni inangokhala momwemo. Apa mkuluyo anayang'ananso wotchi. Adzukulu aakazi anali nawo asanu, koma wamwamuna uyu anali woyamba, ndipo anamva kuti amupatsa dzina lake. Malaya anali atasita kuyambira mbandakucha.

"Chabwino," anatero motsitsa mawu. "Titsegule pang'ono chabe, mafundewo apume. Bweretsani kiyi ndinakupatsani dzulo uja."

"Kiyi uja ndi wa bokosili?"

"Mumayesa ndi wa chiyani? Bweretsani."

"Sindingathe, bambo."

"Mwati bwanji?"

"Munati ndimubise, ndipo ndisapatse munthu aliyense, ngakhale mutapempha inuyo. Munabwereza kawiri."

"Ndiye ndikupempha ineyo."

"N'zomwe munanenazo, kuti mudzapempha pondiyesa."

"Sindikukuyesani, akamwini."

"Munatinso mudzanena kuti simukundiyesa."

Apongozi anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, n'kuchivalanso. Mkamwini satukwanidwa, ndiye ukali wonse unathera m'chipewamo.

"Tamverani. Ine amene ndinaika lamulo lija, ndikulichotsa. Lafa. Mwamva?"

"Ndamva, bambo. Zikomo."

"Kiyi ali kuti?"

"Munati ndimuike pamalo otetezeka kuposa onse m'nyumba muno."

"Inde."

"Ndinakufunsani kuti malowo ndi ati. Munati palibe poposa bokosi lanu lachitsulo. Madzulo ndinaona kakabowo kumbuyo, ndinamuponyera momwemo. Analowa bwinobwino."

Apongozi anagwada, anaika diso pakabowo, ndipo anaona kagetsi kobiriwira kakuphethira mumdima mopanda nkhawa iliyonse. Anagwedeza bokosilo. Kiyi analira m'kati, ngwee.

"Sowo yodulira chitsulo tili nayo?"

"Ife tilibe. Ali nayo ndi aneba."

"Kumeneko ayi. Dzulo ndinamutchula mbava pampanda, mkazi wake akuyanika zovala."

"Ndiye gawo lachinayi likuti tiimbire akampani. Amabwera pakatha masiku atatu."

"Masiku atatu mwanayo adzakhala atamera ndevu."

Kunatsala mphindi zinayi. Mkamwini anayenda ndi foni ija mpaka pawindo loyang'ana kwa aneba, kenako anaima.

"Pano pakuoneka wayifayi ina. Timizere tonse tadzaza."

"Yathu yatulukira pakabowo?"

"Ayi, ndi ya aneba. Ali nayo yawoyawo. Ilibenso pasiwedi, ndi yongolowa."

"Chitseko chosatseka," anatero apongozi akudzuka msanga. "Munthu wosasamala ameneyu. Tadinani."

"Sindingathe, bambo. Munati wolowa pa wayifayi ya mwini osapempha ndi mbava, kaya wavala jekete."

"Ndinanena ndili ndi njala."

"Ndipite ndikapemphe?"

"Mukapemphe kwa munthu amene ndinamunyoza dzulo? Bweretsani kuno foniyo."

Anailanda, anadina yekha. Nthawi yomweyo foni inalira, ndipo pagalasi la foniyo panatulukira kankhope kofiira, kokwinyika, kakuyasamula. Mkulu uja, amene sanagwetsepo msozi ngakhale tsiku lomwe anapuma ntchito, maso anadzaza madzi. Anakanirira pawindo, tsaya kugunda galasi, kuopa kuti kamzere kamodzi kangathawe.

"Mphumi iyi ndi yanga," ananong'ona. "Taonani, akamwini, mphumi yangayanga."

Kunja kunamveka chitseko cha aneba chikutseguka. Apongozi anawerama msanga kuseri kwa katani, foni ili m'mwamba.

"Akamwini, pitani mukaime pakhomo mulondere," anatero chapansipansi. "Mwini wake akayang'ana kuno, mutsokomole kawiri."