A Dontho, Dalaivala Wozimitsa Injini Pamtsetse

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1971, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anayamba mu 1978, nalekeza sitandade 6, chaka chimene mphepo inasasula denga la kalasi yawo. Boma linati libwera kudzakonza. Anadikira miyezi isanu, kenako anapita kukatsuka magalimoto pasiteji.

Mu 1993 anapeza laisensi. Mu 1996 anakwatira mayi akhala pafupi ndi bokosiwo. Zaka zonsezi mowa sanaulawepo, tsono amene akunong'ona kuseriko kuti anafa ataledzera atchere khutu mpaka kumapeto.

Kuyambira mu 2004 ankayendetsa lole yonyamula njerwa. Mafuta akakwera mtengo sankadandaula ngati anzawo. Ankati pa lita iliyonse pali msonkho wa msewu ndi sukulu, ndiye wothira mafuta akumanga dziko. Akazi awo ankafunsa kuti msewu wakewo uli kuti, poti matayala ankatha ngati sopo. Iwo ankangoti za boma sizithamanga.

Mafuta atakweranso chaka chathachi, abwana awo anayamba kuwayezera malita a tsiku, osawonjezera ngakhale kapu. M'pamene malemu anayamba kuzimitsa injini pamtsetse uliwonse, lole n'kumatsika ili duu ngati ngolo. Anzawo anawatcha a Dontho, poti ankaumira ngakhale dontho la mafuta. Akazi awo anawaletsa mpaka pakamwa kuuma, kuti injini ikazima mabuleki amalimba. Iwo ankati mwendo wawo amaudziwa.

Pa 14 Juni, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ankatsika ndi njerwa pamtsetse wa kupulayimale. Pamenepo pali dzenje lija nonse mwalizemba zaka zinayi. Ana a sitandade 2, amene alibe kalasi, ankaphunzira m'mphepete mwa msewu. Tayala linalowa m'dzenje, lole n'kulunjika kwa anawo, mabuleki osagwira. Malemu anaikhotetsera kuchigwembe. Palibe mwana anakalika ngakhale chala. Iwo anagona m'chipatala masiku atatu, namwalira pa 17 Juni.

Anawapha ndi dzenje, malita oyeza, ndi makani awo omwe. Botolo mulibemo.

Asiya akazi awo, ana anayi, chidzukulu chimodzi ndi mayi awo owabereka.

Banja likuthokoza aphunzitsi a sitandade 2, amene anawatulutsa m'lolemo, ndipo aima apo kuti wofuna kudziwa ngati ankamveka mowa awafunse. Likuthokoza anamwino, ndi madalaivala anzawo amene atinyamula. A zamisewu akwirira dzenje lija dzulo, atamva kuti kubwera akuluakulu. Taona.

Amene anayambitsa bodza la mowa akudziwika. Akhale, adye, koma dzanja kwa akazi a malemu asapereke.

A Dontho, mwafika. Usani mumtendere.