Mayina Olemba Pamtima

M'minibasi yodikira kudzaza pa Mitundu, bambo wina wachikulire anayamba kucheza ndi mtsikana amene anafungatira laputopu pambali pake.

"Nkhope yagwa bwanji, achemwali? Makinawo afa?"

"Bola akanafa, bambo. Ndinkalemba alimi pa fomu ya pa intaneti kuti alandire mbewu ya soya kubungwe lathu. Nditatsegula mndandanda, mayina ena anasanduka tizizindikiro tosawerengeka, ngati papalasa nkhuku."

"Ndiye munatani?"

"Ndinafufuta, n'kulembanso pamtima. Ndi anthu akwathu ku Malingunde, ndinkati ndikuwadziwa onse."

"Nanga cholakwika n'chiyani?"

"Ndinalemba mmene timawaitanira kumudzi: Nangozo, Nachisale, amake Tikondane. Pa zitupa zawo pali mayina ena. Amayi khumi ndi anayi anachotsedwa pa mndandanda, akuofesi ati kulibe anthu otero."

"Ogo! Zinali zosakonzeka?"

"N'zimene zikundiwawa. Wamakompyuta kuofesi akuti mayinawo anali bwinobwino, ine ndi amene ndinatsegula fayilo molakwika. Iye akanakonza m'mphindi imodzi. Koma pomwe ndinkamufunsa n'kuti mbewu atagawa kale."

"Mukanafunsa msanga."

"Ntchito ndangoyamba kumene, bambo. Ndinkaopa kuoneka mbuli."

"Mvula nayo yagwa kale. Eni akewo mwawauza?"

"Ndiyambira pati? Asiya mizere yosabzala, akuti dzina likalembedwa mbewu siilephera kubwera. Dzulo a Nachisale, mmodzi mwa ochotsedwawo, ananditumizira mango m'beseni, ati zikomo mwana wathu potikumbukira."