Mbale ya Bambo a Tiyamike

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, moni nonse kumene muli. Ine ndine mayi wa ana atatu, mlimi wa mpunga kuno m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Mayesero anga ena mukawamva museka, chifukwa ndi kunenepa. Kwathu kuno munthu akanenepa amati zikumuyendera, choncho ndinavutika zaka zambiri anthu akundiyamikira.

Amuna anga, bambo a Tiyamike, anadwala chifuwa nthawi yaitali, anawonda mpaka kutsala mafupa okhaokha, n'kutisiya. Powadwazika inenso ndinatha thupi. Misozi isanaume, manong'onong'o anayamba kumjigo akuti nanenso ndili ndi matenda aja, ndatsala pang'ono kutsatira. Kuchipatala anandiyeza osandipeza ndi kanthu, koma pepala la kuchipatala sungaliwerengere mudzi wonse. Ndinapsa mtima, ndinati anthu amenewa ndiwaonetsa.

Panalinso china chimene sindinauze munthu. Dzanja langa linazolowera kupakula mbale ziwiri, yanga ndi ya amuna anga. Yawo inali yachitsulo, ya maluwa ofiira, yokhala ndi chovundikira. Tsiku lililonse ndinkaidzaza mpunga ndi matemba n'kuiika pamkeka pomwe ankakhala. Ana akadya n'kutuluka, ndinkamaliza yanga, kenako n'kukokera yawo. Njala ndinalibe. Kungoti kusiya kuwapakulira kunali ngati kuwaikanso m'manda kachiwiri, ndipo mphamvu imeneyo ndinalibe.

Thupi linabwera, amiseche aja anatseka pakamwa, ine n'kumati ndapambana. Koma thupilo silinaime. Yunifomu ya amayi a kutchalitchi inakana kulowa, ndipo chifukwa cha manyazi ndinasiya kupita. Akabaza akandiona ndikubwera ankayang'ana kumbali ngati sanandione. Mawondo anayamba kulira. Inu mukudziwa kuti kuwokera mpunga kumafuna kuwerama m'matope tsiku lonse, koma ine ndikawokera mizere iwiri mutu unkazungulira. Anesi anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ndichepetse kudya. Ndinamwa madzi otentha a mandimu, ndinagula masamba ena owawa pamsika wa Songani, ndinasala kudya masiku atatu, la chinayi n'kudya ngati ndikulipsira. Thupi langa ndinkalitukwana m'mawa uliwonse.

Chaka china theka la munda linagonera. Achimwene anga anabwera n'kunena kuti dzinja likubwerali ndikalepheranso, mundawo aupereka kwa wachibale wina woti azilima. Sanalakwe, koma munda umenewo ndi umene umadyetsa ana anga. Atapita ndinagwada movutikira n'kunena kuti, "Ambuye, ndatopa. Chopempha sindikuchidziwanso." Pemphero langa linathera pomwepo.

Ndinkayembekeza kuti yankho likabwera lidzera kwa abusa. Linadzera kwa Abiti Jafali, mayi wachisilamu woyandikana nane nyumba, amene amagulitsa matemba. Masana ena anabwera kudzabweza lichero, n'kundipeza ndili ndekha ndi mbale ziwiri.

"Kodi muli ndi alendo, achemwali?"

Anayang'ana mbale ija, ndipo anaizindikira. Anasamba m'manja, anakhala pamalo pa amuna anga, anavundukula, anati Bisimilahi, n'kuyamba kudya. Ndinafuna kuwalanda mbaleyo mwaukali. M'malo mwake ndinalira kulira kumene sindinalire ngakhale pamaliro. Iwo anangopitiriza kudya mpaka ndinatonthola.

"Akufa sadya mpunga," anatero. "Mwawadyera zaka zingati? Zakwana. Ndipo thupili musamalinyoze. Ndinkakuonani ine mukuwabereka kumsana amuna anu aja kupita nawo kubafa. Lagwira ntchito, lichitireni chifundo."

Mawu amenewo anandilowa. Ndinaona kuti chimene chinkandilemera si mafuta okha, koma chisoni ndi mkwiyo zimene ndinkameza pamodzi ndi chakudya. Abiti Jafali sanandiletse kupakula mbale ija. Anangondikumbutsa za madala ena osaona amene amakhala okha kumapeto kwa mudzi, cha kumabango, ndipo anati ndizikawapatsa mbaleyo ndekha, wapansi, osatuma mwana.

Masiku oyamba ndinkapuma kanayi panjira, thukuta lili kamukamu, ndikudandaula chamumtima. Masiku ena ndinkalephera, n'kudyanso mbale zonse ziwiri. Koma ndinasiya kudzitukwana, m'mawa mwake ndinkangoyambiranso. Pang'ono ndi pang'ono mpweya unabwerera, mawondo anachepetsa phokoso. Yunifomu sindinadikire kuti indikwane, ndinakasoketsa ina ya msinkhu wanga n'kubwerera kutchalitchi.

Musaganize kuti lero ndine wowonda. Ndikadali mayi wathupi, akabaza akadadandaulabe, ndipo mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndikumwabe. Masiku ena kutopa kumabwerera. Koma dzinja lapitali munda wonse ndinawokera ndekha ndi ana anga, ndipo achimwene sanaitchulenso nkhani ija.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda mutu, n'kunditumizira mthandizi amene sindinkamuganizira. Inu amene mukulimbana ndi thupi lanu, musafooke, ndipo musadzide. Dzifunseni chimene mukumeza pamodzi ndi chakudyacho, muchitule kwa Ambuye. Ine mbale ya bambo a Tiyamike ndimaipakulabe tsiku lililonse. Imabwerako yopanda kanthu, koma woimaliza si inenso. Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.