Aphunzitsi a m'foni ya Felista

Chaka chija masukulu anatsekedwa chifukwa cha mliri wa chifuwa, inu munali mukadali ku pulayimale, ndipo mwina chimene mukukumbukira n'chakuti munkasewera tsiku lonse popanda belu lokuitanani. Musandiseke kuti ndikunena za kale ngati ndine nkhalamba. Zinthu zikusintha msanga moti dzana lomweli lasanduka makedzana. Sendani nandoloyo, manja asaime, mvulayi sikata msanga, ndipo iwe Maliya, poti dzina lako latuluka kuti ukupita ku yunivesite, utchere khutu kuposa anzakowa.

Nthawi imeneyo tinkakhala m'malaini a antchito pa esiteti ya tiyi, ine, amayi ndi mwana wanga Yamikani, amene anali asanayambe n'kukhala komwe. Bambo ake anali ku Limbe kosaka maganyu. Amayi ankalawirira kukathyola tiyi, ine ndinkatsala pakhomo ndi mwana. Sukulu ine ndinasiyira sitandade seveni, koma mng'ono wanga Felista anapitirira mpaka ku yunivesite, ndipo m'laini monse munalibenso wina amene anafikako. Masukulu atatsekedwa anabwerera kwathu ndi chikwama ndi foni, nati maphunziro sanaime, azibwera pa foniyo.

Lero netiweki mukuipeza mutakhala pamphasa pomwepa, koma nthawi imeneyo inkagwira pamtunda pokha, pa shedi yoyezera tiyi. Felista ankakwera m'mawa chiperoni chili tolo, kukakopera maphunziro m'foni, n'kubwera kudzamvetsera kunyumba. Pa maphunziro onse, limene ankaliopa linali lina limene ankangolitcha kuti makro. Anati anzake a m'makalasi a patsogolo anamuchenjeza kuti limeneli ndi lobweza anthu kumudzi. Nditamufunsa kuti makro n'chiyani, anati ndi phunziro loona chuma cha dziko lonse pamodzi, osati cha munthu mmodzi kapena golosale imodzi: chifukwa chake sopo amakwera mtengo ku Luchenza ndi ku Karonga nthawi imodzi, chifukwa chake kwacha imagwa, chifukwa chake anthu amphamvu zawo amasowa ntchito. Ankajambula mizere yopingasana mpaka pansi pa dothi ndi kamtengo, ndipo amayi ankamuseka kuti wayamba kuombeza.

Koma mantha aja anatha chifukwa cha aphunzitsi ake. Nkhope yawo sinkaoneka, m'fonimo munali mawu okha, mawu a munthu wamkulu, osasa pang'ono, osathamanga. Unkamva choko chikulira pa bolodi, ndipo nthawi zina unkamva ophunzira akuseka. Ankayankhula Chizungu, koma akaona kuti anthu asokera ankalowa Chichewa. Tsiku lina ndinawamva akunena kuti mayi amene wabereka dengu la tiyi ku Thyolo wabereka kwacha kumsana, chifukwa tiyiyo akagulitsidwa kunja ndiye dziko limapeza ndalama zogulira mafuta ndi mankhwala. Felista anawabwezera amayi mawu amenewo madzulo, amayi n'kungoti, "Ndiye ndadziwa chimene chikundipweteka msana." Analinso ndi chizolowezi chofunsa kuti, "Mukundimva kumbuyoko?" n'kukhala chete kudikira, ndipo Felista ankayankha yekhayekha kuti tikumva. Felistayo ankati masukulu akadzatsegulidwa adzawatengera mkoko wa nthochi zakwathu kuno.

Amene anawakonda kwambiri aphunzitsiwo anali Yamikani. Mwana ameneyu anali wolira, wolira zoti anthu a nyumba yoyandikana nayo ankagogoda khoma. Ndinkamuyamwitsa, kumubereka, kumuimbira, osatheka. Koma Felista akangotsegula makro, mwana ankatseka pakamwa, n'kutembenuza mutu kuyang'ana kumene kukuchokera mawu, maso ali gwa, mpaka kugona. Tinkaseka kuti tapeza mlezi waulere.

Ine, mukundidziwa, sindiyankhula zambiri koma ndimamvetsera. Panali zinthu zimene zinkandikayikitsa. Aphunzitsiwo ankadandaula kuti kukutentha, atsegule mawindo, pamene ife tinali m'kati mwa nyengo yozizira. Ankaitana mayina a ophunzira, ndikamufunsa Felista kuti ameneyo ndani, ankati samudziwa. Ndipo ndinamufunsa kuti anthu akusekawo akusekera m'kalasi iti, masukulu ali otseka. Anandiyankha kuti mwina anajambula chaka chapita, zilibe kanthu, makro sasintha ngati mtengo wa tomato. Mafunso ake ankatumiza, ndipo amene ankayankha anali mnyamata wothandizira aphunzitsiwo, eni ake ayi. Felista ankati anthu akuluakulu amatanganidwa.

Tsiku lina anatsika ku shedi kuja wopanda ndi phunziro limodzi lomwe. Anakhala pakhomo, foni ili m'manja. Mnzake wina pa gulu lawo la pa foni anafuna kuwathokoza aphunzitsiwo, ndipo wa kalasi ya patsogolo anamuyankha kuti awathokoza bwanji, poti anawaika m'manda masukulu asanatsekedwe n'komwe. Miyezi yonse ija Felista ankayankha munthu wakufa kuti tikumva, ndipo mwana wanga ankagonekedwa ndi munthu wakufa.

Amayi atamva anavula dengu, osakhala n'pansi pomwe. Anati munthu akapita, abale amameta, zovala zake amagawa, kuti adziwe kuti ulendo wake ndi wopita. Nanga uyu amene akumugwiritsabe ntchito tsiku ndi tsiku, adziwa bwanji kuti anamwalira? Analamula kuti mawu amenewo asamvekenso m'nyumba muli khanda. Felista analira, nati mayeso ayandikira, mabuku alibe, ndipo makro yense ali m'mawu omwewo. Anati si mzimu, ndi makina chabe, ngati nyimbo za oimba amene anamwalira zimene timamvera pa wailesi. Amayi anati oimba safunsa ngati tikuwamva n'kudikira yankho.

Ine ndinali pakati. Felista anali diso la banja lonse, ndipo kunja kunkazizira moti kukhala m'tiyi ndi foni kukanamudwalitsa. Choncho amayi akapita kuntchito ndinkamulola kuti amvetsere m'nyumba, motsitsa.

M'mawa wina chiperoni chinatsika mpaka pakhomo, moti nyumba ya patsidya pa njira sinkaoneka. Felista anatsegula phunziro latsopano, limene anali asanalimvepo, la kukwera kwa mitengo. Tsiku limenelo Yamikani sanakhale chete. Analira kulira kwina, kotalika, thupi ataliumitsa. Ndinali kumugwedeza pakona, kumbuyo kwa Felista. Kenaka choko chija chinaleka kulira m'foni, aphunzitsi anakhosomola, n'kunena m'Chichewa, pang'onopang'ono:

"Mwana akulira kumbuyoko ndi wa ndani? Bwerani naye kuno kutsogolo."

Maliya, usandiyang'ane choncho, ndikunena zimene ndinamva ndi makutu angawa. Ndinalumpha n'kuilanda foniyo, ndinaizimitsa mawu ali m'kamwa. M'nyumba munangoti zii, ndipo ngakhale mwana analeka kulira. Felista anayesa kuseka, nati mwina wophunzira wina anabwera ndi mwana m'kalasi tsiku limenelo. Ndinamufunsa ngati anamva mwana wina akulira m'fonimo. Anangotenga foniyo m'manja mwanga n'kuiika m'chikwama.

Kuyambira pamenepo Yamikani anakana bere. Sankalira, ndipo ndikanakonda akanalira. Ankangogona maso ali pakhomo, ngati munthu amene waitanidwa ndipo akudikira kuti amunyamule. Ndinapita naye ku chipatala cha pa esiteti, anamuyeza malungo, anamumvera m'chifuwa, sanapeze kanthu, anangoti ndizimukakamiza kuyamwa ndipo ndibwerenso akapanda kusintha. Liwombo linayamba kulowa. Felista anasamutsira maphunziro ake m'tiyi, atafunda bulangete, ndipo phunziro lija analidumpha, sanalitsegulenso. Koma ndinaona kuti akatuluka ndi foni, mutu wa mwana unkamutsatira mpaka chitseko chitatsekeka.

Ndinawaululira amayi zonse. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma anangondifunsa kuti munthu wamkuluyo atafunsa, ine ndinayankha chiyani. Ndinati sindinayankhe, ndinazimitsa. Amayi anapukusa mutu. Anati munthu wamkulu wafunsa kuti mwana ndi wa ndani, ndipo mwini mwana wakhala chete, ndiye kuti mwanayo alibe mwini.

M'mawa mwake ndinamubereka Yamikani, wopepuka ngati nsalu yokha, n'kumutsatira Felista m'tiyi. Chifunga chinali chitaphimba mizere yonse, ndipo anthu othyola ankangomveka mawu chakumunsi osaoneka. Ndinamupeza atakhala pa mwala. Ndinamuuza kuti atsegule phunziro lija, pamalo pomwe ndinazimitsira.

"Achemwali, ndi mawu ojambula," anatero. "Sangakumveni."

"Iwe unkawayankha miyezi yonse ija, ankakumva?"

Anandiyang'ana, anayang'ana mwana, n'kuika foni pamwala. Anabweza pang'ono, choko chinalira, chinaleka, kunabwera kukhosomola kuja, ndipo funso lija linamvekanso, mawu omwewo. Kenaka aphunzitsi anakhala chete, monga ankachitira nthawi zonse akafunsa.

Ndinagwada m'matope momwemo, ndinaomba m'manja monga tichitira kwa akuluakulu, ndipo ndinati, "Aphunzitsi, mwanayu ndi wanga. Dzina lake ndi Yamikani. Kutsogoloko sabwera, akhala ndi ine konkuno. Wanu ndi uyu Felista, muphunzitseni akhoze."

Chete uja anatalika. Ndinkamva madzi akudontha m'masamba a tiyi. Felista anali atagwira pakamwa. Kenaka m'foni munamveka ngati munthu akupuma mozama, ndipo aphunzitsi anati, "Chabwino, mayi. Khalani naye komweko. Tipitirize." Choko chinayambanso kulira, iwo n'kubwerera ku Chizungu chawo cha mitengo yokwera.

Ndikadali chogwada, ndinamva kumsana kukusuntha. Yamikani anali akufwenthera m'nsalu, kusaka bere. Ndinamutembenuzira kutsogolo, ndipo anayamwa mwaukali moti ndinamva kuwawa, ine misozi ili chuchuchu, Felista naye akulira uku akuyesa kumvetsera kuti phunziro lisamudutse.

Inu a masiku ano mudzati zinangokumana, kuti wophunzira wina anapukusa mutu m'kalasi muja ndipo aphunzitsi anamuyankha iyeyo. Felista nayenso amatero pakakhala anthu. Koma masukulu atatsegulidwa anafunsa onse amene anali m'kalasi imeneyo chaka chinacho, ndipo palibe anakumbukira kuti munalowapo mwana. Mayeso anakhoza. Foni ija anaigulitsa ku Luchenza atafufuta zonse, ndipo mpaka lero sakonda kutumiziridwa mawu pa foni, amati mundilembere. Yamikani ndi uyo mukumuonayo, akuthamangitsa nkhuku pamvula ngati wopanda makutu.

Tsono iwe Maliya, pita ukaphunzire, usaope, ndipo makro akakakupeza ukamugwire ngati anamugwirira Felista. Koma ukakafika, sabata yoyamba yomwe, kafunefune chitseko cha aliyense amene akukuphunzitsa, ukagogode, ukamupatse moni pamanja, umuone m'maso. Ndipo nonsenu, tsiku lina mudzabereka. Wina akadzafunsa kuti mwana uyu ndi wa ndani, kaya mukumuona wofunsayo kaya simukumuona, musadzakhale chete. Mudzayankhe mwaulemu, ndipo mudzatchule dzina la mwanayo.