Za Kompyuta ya Basil Imene Ndinasenza Kupita ku Chipyela

Ine, Annette Malidadi, wa zaka 59, wa m'mudzi wa Yofu pachilumba cha Likoma, mlimi wa chinangwa komanso woyanika usipa, ndikunena izi:

Ndine mkazi wa a Yoswa Malidadi, amene dzulo Lolemba anadzadandaula pano kuti aphunzitsi a McDonald Nyirenda anaba kompyuta ya m'nyumba mwathu n'kuiwononga. Aphunzitsiwo sanabe kanthu. Kompyutayo ndinasenza ndine, pamutu panga pano. Lembani zimenezo poyamba, bwana, zinazi zibwera pambuyo.

Kompyutayo ndi ya mwana wathu Basil. Anaigula yogwiritsidwa kale ntchito ku Mzuzu, kuti azisewerapo mpira. Basil ndi bambo ake ndi anthu a mawu ochepa. Ankatha kukhala awiri m'bwato tsiku lonse, mawu awo osakwana zala za dzanja limodzi. Koma Lamlungu tikachoka ku Misa ankakhala pamphasa, aliyense padi yake yoseweretsera m'manja, n'kumamenya mpira wa pagalasi la kompyutawo mpaka ine ndiwakalipire kuti chakudya chazizira. Ndi pokhapo pamene ndinkawamva amuna anga akuseka mokweza.

M'gemuyo Basil anapangamo timu ya Yofu, anthu enieni a m'mudzi ndi mayina awo. Bambo ake anawaika pagolo, ndi dazi lawo lomwe. Iye anadzipatsa nambala 9, ndipo nkhope anaifanizira ndithu, mpaka kametedwe kake.

M'chaka cha 2021 Basil anakwera sitima kupita ku Joni. Chaka choyamba ankaimba foni. Kenako zii. Tinangomva kwa anthu kuti ntchito inamuthera. Bambo ake sanatchulenso za Joni, koma Lamlungu lililonse, magetsi akakhalapo, ankayatsa kompyuta, kuika mapadi onse awiri pansi, n'kuisiya kuti izisewera yokha. Basil wa pagalasiyo akagoletsa ankandiitana: "Make Basil, wamuona mwana wako?" Ine ndinkalusa, ndinkati chimenecho n'chidole, chidole sichifunsa ngati mayi ake adzuka bwanji. Koma ndisaname, nanenso ndinkasuzumira pakhomo. Ndinkamusowa mwana wanga mpaka chakudya kundikanika.

Mwezi wathawu mawu a Basil anafika pafoni ya mlongo wake Tinenenji. Ndinawamvetsera kambirimbiri, n'chifukwa chake ndikuwakumbukira. Anati: "Amayi, ndilibe nkhope yolankhulira ndi ababa. Koma muikitse m'kompyuta muja Windozi yatsopano, pulogalamu yoiyendetsa, ndi gemu ya masiku ano, tizisewera pa netiweki Lamlungu. Ine kuno, iwo uko."

Ndinawauza amuna anga tsiku lomwelo. Funso lawo linali limodzi: nanga timu ya Yofu idzakhalapo? Tinamutuma Tinenenji kwa a Nyirenda, aphunzitsi ochokera ku Rumphi amene amakhala ku Chipyela ndipo amakonzera anthu makompyuta. Yankho linabwera lakuti m'kompyutamo muli Windozi 7, yakale, ndipo gemu yatsopano silowamo. Windozi yatsopano nayo imakana gemu yakale ija. Kuika zonse ziwiri sizitheka chifukwa malo ake ndi ochepa. Tisankhepo chimodzi.

Amuna anga anati: "Wa pagalasiyu amabwera Lamlungu lililonse. Winayo analonjezanso kubwera pa Khirisimasi, mwamuona? Pasapezeke woikhudza."

Tinakangana sabata yathunthu. Ine ndinkati mwana wamoyo wagogoda, inu mukukakamira chithunzi, zoona? Iwo ankangotuluka kupita kukasoka ukonde.

Lachiwiri la sabata yatha iwo anapita ku maliro ku Mbungo. Cha m'ma 9 koloko m'mawa ndinakulunga bokosi la kompyuta m'chitenje, kuliika m'dengu, n'kusenza kudzera njira ya kumtunda mpaka ku Chipyela. N'lolemera, bwana, khosi likundiwawabe. Aphunzitsi ndinawapeza kunyumba kwawo pa nthawi yopuma. Anandifunsa kawiri: "Amayi, bambo avomera?" Ndinati avomera. Linali bodza, ndipo bodzalo ndi langa, si lawo.

Anandifotokozeranso bwinobwino. Anati yakaleyo makinawa anazolowerana nayo, imathamanga, koma inasiyidwa ndipo ku Joni singafike. Yatsopanoyo idzawalemera makinawa ngati katundu pa njinga yakale, koma ndi yokhayo ingakumanitse anthu awiri otalikirana. Anati timu ya Yofu aisunga pa flashi, kachipangizo kosungirapo zinthu, kuti tikasintha maganizo adzabwezeretse zonse mmene zinalili. Asanafufute anaiyatsa komaliza. Ndinamuona Basil wa pagalasi akuthamanga ndi mpira, ndipo ndinatuluka panja kuti ndisawaletse.

Lachisanu ndinakaitenga n'kuibwezera pamalo pake, n'kuvundikira ndi nsalu yake. Amuna anga sanazindikire chifukwa pakati pa sabata saiyandikira.

Lamlungu, dzana, titabwera ku Misa anayatsa. Anayang'ana galasi nthawi yaitali. Kenako anati: "Ali kuti?" Ndinawauza zonse, osabisa. Sanakalipe. Bola akanakalipa, ine kukalipa ndimakutha. Tinenenji anawauza kuti Basil wanena kuti alowa 3 koloko, ndipo analumikiza netiweki kudzera pafoni yake. Dzina la Basil linaoneka pakona, koma lozima. Tinenenji anati Basil akalowa liyaka.

Amuna anga anakhala pamphasa, padi m'manja. 3 koloko inakwana. 4 koloko inakwana. Tinenenji anaimba foni, yosapezeka. Nkhuku zinalowa m'khola dzinalo lili lozimabe. Iwo anaika padi pansi pang'onopang'ono n'kunena kuti: "Mwandichotsera amene ndinali naye." Mtima wanga unasweka pamenepo.

Dzulo m'mawa amuna anga anabwera pano ine ndili kumunda. Anatchula aphunzitsi. Ndikuganiza kuti kutchula mkazi wawo pamaso pa apolisi kunawachititsa manyazi, koma zimenezo muwafunse eni ake. Masana apolisi anabwera kudzatenga kompyuta kunyumba, ndipo ndamva kuti flashi anakaitenga kwa aphunzitsi, n'kuwatenganso iwowo ana a sukulu akuonerera. Zimenezo zandipweteka. Munthu wa kutali, wabwera kudzaphunzitsa ana athu, lero azilozedwa chala chifukwa cha ine? Ayi, bwana.

Dzulo lomwelo madzulo mawu ena a Basil anafika pafoni ya Tinenenji. Anati anapeza ganyu ya ulonda ndipo anamugwiritsa ntchito Lamlungu mosayembekezera. Anati: "Lamlungu likubwerali, 3 koloko, ndilowa. Muwauze ababa asazimitse." Kaya ndi zoona kaya, sindikudziwa. Mwana ndi wanga, ndinamubereka ndekha, koma sindingamulumbirire. Tinawayatsira bambo ake mawuwo. Anamvetsera ataweramitsa mutu, n'kukagona osadya.

Lero m'mawa tinanyamuka limodzi kubwera kuno, iwo patsogolo ine pambuyo. Potuluka m'nyumba anati mlandu authetsa, bola aphunzitsi abwezeretse Windozi yakale lero lomwe, timu ya Yofu ibwerere. Ine ndinati chabwino, ndatopa, zanu zimenezo. Titayandikira msika anaima, osatembenuka, n'kufunsa: "Anati nthawi yanji?"

Ndinati 3 koloko.

Anati: "Ya kuno kapena ya uko?"

Ndinati nthawi ndi imodzi, kuno ndi uko.

Anayendanso pang'ono, n'kunena kuti: "Ukawauze aphunzitsi asafulumire."

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, a Nyirenda amasulidwe ndipo dzina lawo liyere, chifukwa anachita zimene ndinawapempha ine nditawanamiza. Kupepesa ndikapepesa ndekha, pamaso pa ana omwe aja ngati n'kofunika. Chachiwiri, kompyutayo ituluke muno Lamlungu lisanafike. Ndamva apolisi ena akuti katundu wa umboni amatha kukhala m'chipinda chanu miyezi. Chonde, bwana, iyi isakhale. Mwana uja ndikumudziwa, anatengera bambo ake. Zinamutengera zaka kuti atsegule pakamwa. Akalowa Lamlungu n'kupeza dzina la bambo ake lili lozima, sadzayesanso.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi, zina ndilibe. Andiwerengera ndipo ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Annette Malidadi ......................
Wolemba umboni: ......................